Chimwala cha ayezi chikalunjika pansanja ya mafuta, amatani?

Mwafunsa zomwe ogwira ntchito amachita chimwala cha ayezi chikamayandama kulunjika pansanja yopopa mafuta panyanja, monga za ku Grand Banks kufupi ndi chilumba cha Newfoundland ku Canada.

Choyamba, amachiona chikadali kutali. Ndege, masetilaiti ndi rada zimachilondola, ndipo amayeza kukula kwake, mphepo ndi kayendedwe ka madzi kuti adziwe kumene chikulowera. Zimwala zambiri zimathyoka ku Greenland n'kutsika ndi madzi oyenda a m'nyanja otchedwa Labrador Current.

Chikaoneka kuti chikubweradi, sitima yamphamvu imachizungulira ikutaya chingwe choyandama, kenako n'kuyamba kuchikoka pang'onopang'ono. Apa m'pofunika kuleza mtima kwambiri. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a chimwalacho amakhala pansi pa madzi, ndiye ukakoka mopupuluma chimagubuduka, chingwe n'kupulumuka. Cholinga n'kungochipatutsa pang'ono kuti chidutse pambali. Zing'onozing'ono amazikankha pozipopera madzi mwamphamvu.

Zikakanika, amatseka zitsime za mafuta. Sitima yopopa mafuta ngati Terra Nova imamasula mapaipi n'kuchokapo. Nsanja ya Hibernia, yomwe inayamba kutulutsa mafuta mu 1997, sisuntha: inakhazikika pansi pa nyanja, ndipo khoma lake la konkire la mano 16 analimanga kuti lipirire chimwala cha matani 1 miliyoni.

Chomwe ambiri amaiwala, koma kwa ine n'choopsa kwambiri, ndi pansi. Chimwala chachikulu chimapala pansi pa nyanja ngati khasu, n'chifukwa chake zipangizo zapakamwa pa chitsime amaziika m'maenje okumba dala.