Cheri wowawasa sangabale ku Lilongwe, koma pichesi amatheka: kadzalidwe kake

Cheri wowawasa (mtengo wa kumaiko ozizira wobala tizipatso tofiira) wa mtundu wa Montmorency kapena Morello amabala yekha, safuna mtengo wina pafupi woti njuchi zitengeko mungu. Izi n'zoona kwawo, monga ku Michigan m'dziko la America ndi ku Poland, kumene mtengowu umagona m'chisanu maola pafupifupi 1,000 kuzizira kuli pansi pa madigiri 7. Kuno ku Lilongwe usiku wa Juni ndi Julayi umaluma ndithu, koma dzuwa likangotuluka kwatentha kale, ndipo maola amenewo sakwana. Mtengo umaphuka mwa apo ndi apo, maluwa osaoneka. Musataye ndalama.

M'bale wake amene angakuthandizeni ndi pichesi. Nayenso amabala yekha, ndipo mitundu ngati Flordaprince ndi TropicBeauty, yochokera ku Florida m'dziko la America, imangofuna maola a chisanu pafupifupi 150.

Poyamba pezani mbande yomezanitsa. Nthangala ya pichesi amene mwagula ku Lizulu imamera, koma zipatso zake sizidziwika kuti zidzatuluka zotani, ndipo mtengo umene unazolowera kuzizira kwa ku Dedza ukhoza kuchita ulesi kuno kumunsi. Funsani wogulitsa dzina la mtundu wake, muonenso chipsera cha pomezanitsa patsinde.

Sankhani malo owomba dzuwa tsiku lonse. Pichesi amadana ndi madzi odikha, choncho kudambo ayi. Kumbani dzenje lotalika, lotambalala ndi lakuya masentimita 60. Dothi lapamwamba muike padera, mulisakanize ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana bwino, ndipo ndilo mukwirire nalo. Ngati pansi pali katondo wolimba, thirani madzi m'dzenjemo kudzaza. Akafika m'mawa asanaphwe, dzalani pachulu chadothi chokwera masentimita 30. Mitengo italikirane mamita 4 kapena 5.

Dzalani mu Disembala mvula itakhazikika. Chotsani pepala lapulasitiki, dulani mizu yopotana pansi, ndipo pomezanitsa pakhale masentimita 10 pamwamba pa nthaka. Mukakwirira pamenepo tsinde limawola. Phimbirani ndi udzu wouma koma musiye mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde, chifukwa chiswe chimatsata udzuwo n'kudya khungwa.

Kudulira ndiye pagona nkhani, ndipo ambiri amachita mantha. Mukangodzala, dulani mutu wa mbande pa masentimita 60 kapena 70. Pa mphukira zotuluka musiye zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, zina zonse muchotse. Mtengo uoneke ngati mbale, pakati pali pululu kuti dzuwa ndi mphepo zilowe. Pichesi amabala pa nthambi zimene zinamera chaka chatha, zija zofiirira, zonenepa ngati pensulo. Chaka chilichonse mu Juni chotsani nthambi zouma, zopingasana ndi zoloza m'kati, mufupikitse zotsalazo. Mtengo wosadulira umathawitsa zipatso kunsonga, mkati n'kutsala ndodo zokhazokha. Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa pomezanitsa ithotholeni ikadali yanthete.

Popeza chisanu chathu n'chochepa, mtengo uthandizeni kugona. Mvula ikatha mu Epulo lekani kuthirira, ndipo masamba akakakamira mpaka Juni apululeni ndi manja. Maso a maluwa akayamba kutupa mu Julayi yambiraninso kuthirira: ndowa zitatu za malita 20 pa sabata ku mtengo waung'ono, wamkulu zoposerapo, mpaka kukolola. Ludzu la mu Seputembala ndi Okutobala ndilo limayoyola zipatso. Chaka choyamba dzanja limodzi la feteleza wa CAN mu Januwale ndi lina mu Febuluwale likwanira, mothira kutali ndi tsinde.

Zipatso zikafika kukula kwa mtedza, patulirani kuti zitalikirane masentimita 15. Zimapweteka mtima, koma mukazisiya zonse mudzakolola tizipatso tanthangala tokhatokha, nthambi n'kukhadzuka.

Mdani wamkulu ndi ntchentche ya zipatso. Imaboola khungu n'kuikira mazira, kunja n'kungooneka kadontho, koma mukabenthula mupeza mphutsi zoyera pafupi ndi nthangala. Mukatha kupatulira, mangani chipatso chilichonse m'kathumba kapepala. Zakugwa muzitola tsiku ndi tsiku n'kuzikwirira m'dzenje lakuya theka la mita, chifukwa mphutsi zimakhwimira m'dothi lapamwamba. M'dzinja mumabweranso chiwawu: timadontho tachikasu pamwamba pa tsamba, kunsi kuli ufa wadzimbiri. Sesani ndi kutentha masamba akugwa.

Mbande yomezanitsa imayamba kubala chaka chachiwiri kapena chachitatu, zipatso n'kupsa cha mu Okutobala ndi Novembala. Thyolani kubiriwira kwa pafupi ndi phesi kukasanduka chikasu, mozunguza chipatso pang'ono m'malo mokoka.