Pop-up yobwera mochedwa: ipangeni kuti osaona ndi a kiyibodi asasochere

Malume anga ndi mphunzitsi, ndipo anasiya kuona ali mnyamata. Pa laputopu yawo pali NVDA, pulogalamu yaulere ya pa Windows yomwe imawawerengera mokweza zonse zili pa sikirini. Mausi saigwira, zonse amachita ndi kiyibodi. Tsiku lina mu June, kuzizira kwa Mzuzu kutafika poti masana omwe sungavule juzi, ndinapita kwawo ku Chibavi kuti akandiyesere webusayiti yomwe ndinapangira malo ena ogona alendo.

Anayamba kudzaza fomu yosungitsira chipinda. Dzina analemba bwinobwino. Ali pakati polemba nambala ya foni, masekondi 15 omwe ndinaika mu setTimeout, lamulo la code lowerengera nthawi, anakwana, ndipo kabokosi kopempha imelo, kaja timati pop-up, kanatulukira. Manambala otsalawo anagwera m'kabokosimo. NVDA inangoti "edit", basi. Anadina Esc, zii. Anadina Tab, n'kupezeka ali pamwamba penipeni pa tsamba.

"Mphwanga, wandichotsa pomwe ndinali ndani?"

Funso limenelo ndi lomwe landilembetsa izi, chifukwa vuto lonse lagona pamenepo. Kabokosi komwe munthu watsegula yekha podina batani amakayembekezera. Kobwera kokha pakapita nthawi kamam'peza ali pakati pa zake. Woona ndi maso amangokaponyera diso n'kukatseka. Wa kiyibodi ali ndi malo amodzi okha pomwe waima pa tsambalo, aja opanga mawebusayiti timati focus, ndipo mukam'landa malowo zili ngati kum'tsitsa minibasi pasiteji yomwe sakuidziwa.

Choncho yambani ndi kudzifunsa ngati kabokosiko kakufunikadi kutseka tsamba lonse. Kawirikawiri sikafunika. Kupempha imelo kapena kulengeza kutsika kwa mitengo kungakhale kachigawo wamba pakati pa nkhani kapena kumunsi kwa tsamba. Ngati ndi kauthenga chabe, kaikeni m'chigawo chokhala ndi role="status". Pulogalamu yowerengayo imadikira imalize zomwe ikunena, kenako n'kukawerenga, focus osasuntha. Chigawocho chikhalepo kale pa tsamba, chopanda kanthu, mawu muwaikemo nthawi ikakwana. Mukachilenga pamodzi ndi mawu ake, nthawi zambiri sichiwerengedwa.

Koma eni webusayiti ena saumva. Anga aja anakanirira kuti kabokosi kakhalepo. Zikatero, chitani izi.

Musakatulutse munthu akulemba. Nthawi ikakwana, yang'anani document.activeElement, yomwe imakuuzani pomwe focus ili. Ngati ndi input, textarea kapena select, kutanthauza malo olembamo kapena osankhapo, dikirani, muyesenso pambuyo pake. Pa masamba olipirira, pomwe munthu akukopera nambala kuchokera mu uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, ine sindikaikapo n'komwe.

Kabokosiko kapangeni ndi dialog ya HTML, mukatsegule ndi showModal. Kuyambira 2022 Chrome, Firefox ndi Safari onse amaidziwa, ndipo imakuchotserani ntchito yambiri yomwe kale tinkalemba pamanja: zonse za kumbuyo zimaleka kufikika, focus imalowa m'kati, Esc imatseka. Ngati mwatengera webusayiti yakale yomwe kabokosi kake ndi div, ikanipo role="dialog" ndi aria-modal="true", zakumbuyo muziike inert kuti zisafikike, ndipo Esc muilembere nokha.

Kapatseni dzina. Ikani mutu wooneka m'katimo, muulumikize ndi aria-labelledby, kuti mawu oyamba kumveka auze munthu chomwe chabwera. Malo olembamo imelo akhale ndi label yeniyeni; timawu totuwa ta placeholder timafufutika munthu akangoyamba kulemba.

Pa nkhani ya komwe focus ifikire ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Iwo amaiponya pa malo a imelo kuti munthu alembe msanga. Ine ndimaiika pa mutu wa kabokosi, nditaupatsa tabindex="-1" kuti uthe kulandira focus, kapena pa batani lotsekera. Munthuyu sanakaitane kabokosika. Ayambe wamva kuti n'chiyani, ndipo zala zake zikakhala zidakali kuyenda, zilembo zisagwere polakwika monga zinachitikira malume.

Batani lotsekera likhale button yeniyeni. Langa lija linali kachizindikiro ka × m'kati mwa div, chifukwa chake Tab sinkalipeza. Lembanipo mawu oti "Tsekani", kapena aria-label ngati mwasiya chizindikiro chokha. WCAG 2.2, malangizo othandiza kuti olumala azitha kugwiritsa ntchito mawebusayiti, omwe bungwe la W3C linatulutsa mu October 2023, imafuna malo odinapo asachepere mapikiselo 24 m'litali ndi m'lifupi momwe. Pa foni ine ndimakulitsa kuposa apo. Ndipo musafufute mzere uja umazungulira batani focus ikafikapo. Ambiri amauchotsa ndi outline: none ati ukunyansa, koma munthu woona amene manja ake amanjenjemera, woti mausi sangaigwire, amadalira mzere umenewo kuti adziwe pomwe ali.

Tsopano kubweza munthu pamalo pake, pomwe ambiri timagwa. Kabokosi kotsegulidwa ndi batani, focus imabwerera pa batanilo. Kochedwaka kalibe batani. Musanakatsegule sungani activeElement, ndipo pokatseka bwezerani focus pamenepo. Dialog imachita yokha zimenezi, komabe yesani, makamaka ngati chinthu chinasungidwacho chachoka pa tsamba. Pali mpata umodzi womwe code singautseke bwino: munthu amene amangowerenga nkhani ndi mivi ya kiyibodi, osaima pa linki kapena batani lililonse, activeElement yake ingakhale body, kutanthauza tsamba lonse, ndipo angabwezedwe kumayambiriro. Ichi n'chifukwa china chomwe ndimakondera kachigawo wamba pa masamba a nkhani zazitali.

Kasadzitsekere kokha pakapita masekondi angapo. Kumvetsera kumatenga nthawi kuposa kuponya diso, ndipo WCAG pa ndime 2.2.1 imati malire a nthawi munthu azitha kuwazimitsa, kuwasintha kapena kuwatalikitsa. Akakatseka, lembani zimenezo mu localStorage, mosungira mwa msakatuli wake, kasam'tsatenso tsamba lililonse.

Kuyesa sikulira ndalama. Chotsani mausi, dikirani kabokosi katuluke, muyende ndi Tab, Shift ndi Tab, Enter ndi Esc. Tsitsani NVDA, mutembenuzire sikirini kumbali, mudzaze fomu ndi makutu okha. Kenako tengani foni, poti kuno ambiri intaneti timaiona pa foni: yatsani pulogalamu yowerenga sikirini, TalkBack pa Android kapena VoiceOver pa iPhone, museretse chala muone ngati mukufika pa "Tsekani" komanso ngati simukudutsira kumbuyo kwa kabokosi. Kulitsaninso tsamba kufika pa 200 peresenti. Batani lotsekera limakonda kuthawira kunja kwa sikirini.

Loweruka lotsatira ndinabwerera ku Chibavi. Malume anadzaza fomu yonse osasokonezedwa. Atachoka pa fomupo, NVDA inatchula mutu wa kabokosi, kenako batani lotsekera. Anadina Esc, n'kupezeka pa linki ya mitengo ya zipinda pomwe anali.

"Eya, apa ndiye ndabwerera pakhomo," anatero. "Tsopano tiye tione kalendala yako yosankhira masiku ija, sindinaimvetse."