Script imayenda mukaidina, koma usiku siyenda yokha: fufuzani motere

Maofesi ena a ku Salima boma ndi malo ogona alendo a ku Senga Bay ali ndi kascript (kafayilo ka malamulo a kompyuta) kokopera mafayilo a ndalama usiku uliwonse. Mukakadina masana kamagwira bwinobwino, koma m'mawa mumapeza mufoda ya backup mulibe kanthu. Kawirikawiri script imakhala ilibe mlandu. Task Scheduler, pulogalamu ya Windows yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, imaiyendetsa kuchokera mufoda ina, mwina ndi akaunti ina, pa nthawi imene inu muli m'tulo.

Musanasinthe chilichonse, tsegulani Task Scheduler muone pa Last Run Result. Nambala ya 0x41303 ikutanthauza kuti ntchitoyo sinayambe yayendapo, 0x41301 kuti idakali mkati, ndipo 0x1 kuti inayamba koma inagwa panjira. Dinaninso Enable All Tasks History kumanja, chifukwa mbiriyo nthawi zambiri imakhala yozimitsa.

Ngati sikuyamba n'komwe, ganizirani za magetsi. Pa Conditions pali kabokosi kakuti "Start the task only if the computer is on AC power", ndipo kamabwera kochongeratu. Magetsi akathima 10 koloko usiku laputopu n'kukhala pa batire, ntchito imadumphidwa mwakachetechete. Chotsani chongacho. Kompyuta ikamagona, chongani "Wake the computer to run this task". Pa Settings chonganinso "Run task as soon as possible after a scheduled start is missed", kuti ikayakanso ikwaniritse yomwe inaphonya. Apa musathamangire kunena kuti zakanika, Windows imadikira kaye mphindi pafupifupi 10. Makompyuta akale ali ndi vuto lina: kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kakatha, wotchi imasokonekera magetsi akangothima. Sinthani kabatireko.

Nambala ya 0x1 ndiye imadya nthawi yambiri. Malo a Start in, omwe ali pa Actions, akakhala opanda kanthu, script imayambira mu C:\Windows\System32, choncho ikafuna fayilo ya malonda.csv poitchula dzina lokha, imakaisaka kumeneko osaipeza. Lembani foda ya script pa Start in, monga C:\Scripts, ndipo musaike zizindikiro za " ngakhale dzina la foda lili ndi mpata. Mukaziika, ntchito imakana kuyamba. Ngati ndi PowerShell, pa Program lembani powershell.exe, pa arguments lembani:

-NoProfile -ExecutionPolicy Bypass -File "C:\Scripts\backup.ps1"

Kenako pali nkhani ya drive. Mukasankha "Run whether user is logged on or not", drive ya pa netiweki imene mumaiona ngati Z: kulibe kwa script. Lembani njira yonse, monga \\seva\backup. Kusankha kumeneku kumasunganso pasiwedi ya akaunti, ndiye tsiku lomwe mwasintha pasiwedi, tsegulani ntchitoyo mulowetse yatsopano, apo ayi imaleka kuyenda.

China chobisika ndi script yodikira yankho, monga ya pause kumapeto kapena yofunsa ngati ilembe pamwamba pa fayilo yakale. Usiku palibe wodina batani, ndiye imangoima pa 0x41301. Poti Windows imabwera itaikidwa pa "Do not start a new instance" ndipo imaimitsa ntchito pakatha masiku 3, mutha kukhala masiku onsewo opanda backup. Chotsani mafunso onse mu script, ndipo tsitsani malirewo afike pa ola limodzi kapena awiri.

Kulota sikuthandiza, script izilemba yokha zomwe zaichitikira. Pa Program ikani cmd, pa arguments:

/c C:\Scripts\backup.bat >> C:\Scripts\log.txt 2>&1

Dinani kumanja pa ntchitoyo, sankhani Run, muwerenge log.txt. Kuyesa kwenikweni n'kumeneku, osati kudina script pa foda.

A Linux, cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, ili ndi misampha yakeyake. PATH yake, mndandanda wa mafoda omwe imasakamo mapulogalamu, imakhala yaifupi, kawirikawiri /usr/bin:/bin basi, choncho lembani njira yonse ya pulogalamu iliyonse. Chizindikiro cha % mu crontab, fayilo ya ntchito za cron, chimadula mzere pokhapokha mutachilemba \%. Cron siibwerera ntchito yomwe inaphonya makina atazima, imeneyo ndi ntchito ya pulogalamu ina yotchedwa anacron. Ngati wotchi ya seva ili pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo, kumbukirani kuti Malawi ili patsogolo ndi maola 2: mukalemba 22:00, ntchito iyenda 12 koloko usiku kuno.