Momwe mungasankhire mawaipa atsopano mvula isanagwe

Mawaipa ambiri kuno kwathu samafa ndi mvula, amafa ndi dzuwa. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala labala amakhala atagona pagalasi lotentha, fumbi likumudya pang'onopang'ono, mwini galimoto osamuganizira n'komwe. Ndiye mvula yoyamba ikagwa mu Novembala muli pa M1, mwina pokwera ku Dedza madzulo, mukayatsa waipa mumangoona matope akupakidwa pagalasi, magetsi a lole yobwera kutsogolo atamwazika ponseponse. Nthawi yabwino yogula mawaipa ndi pamene mitambo isanayambe kusonkhana, ndipo ntchito yake simafuna makaniko.

Choyamba, tsimikizani kuti vuto ndi waipa

Tukulani mkono wa waipa, muyendetse chala m'mphepete mwa labala. Akakhala wabwino amakhala wofewa, m'mphepete mwake muli mowongoka ngati mpeni. Ngati wauma, wang'ambika kunsonga, kapena wagonera mbali imodzi osabwerera, watha. Zizindikiro zina mumaziona mukuyendetsa: mizere ya madzi yotsalira, kulira kwa kwii-kwii, kapena waipa kumadumphadumpha pagalasi.

Komabe musathamangire kusitolo musanatsuke galasi. Utomoni wa mitengo, zitosi za mbalame ndi mafuta a utsi wa dizilo zimachititsa waipa wabwinobwino kusiya mizere. Tsukani galasi bwino, pukutani labala ndi kansalu konyowa mpaka kasiye kuda, kenaka yesaninso. Ngati waipa akusiya pakati pagalasi posapukuta ngakhale labala ali watsopano, kawirikawiri ndi sipuling'i ya pamkono yomwe yafooka, ndipo pamenepo kugula waipa wina n'kutaya ndalama.

Chachiwiri, yezani, ndipo yezani onse awiri

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Munthu amafika pa kauntala n'kunena kuti "ndipatseni mawaipa a Vitz," wogulitsa n'kutenga awiri ofanana kutalika. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi waipa wautali kumbali ya dalaivala ndi wamfupi kumbali inayo. Honda Fit ya m'ma 2008 mpaka 2013 imavala wa mainchesi 26 kwa dalaivala ndi wa mainchesi 14 kwa wokwera. Vitz nayo siimodzi: ya m'ma 2005 mpaka 2010 ili ndi mawaipa awiri, pomwe yomwe inabwera pambuyo pake ili ndi mmodzi yekha wamkulu, wa mainchesi 28, wosesa galasi lonse. Dzina la galimoto palokha silokwanira. Pafunikanso chaka ndi mtundu wake, ndipo popeza galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan zitagwira kale ntchito, buku lake ngati lilipo limakhala la Chijapani.

Njira yosavuta ndi tepi yoyezera, ngakhale ya telala. Yezani kuchokera nsonga ina kufika nsonga ina ya waipa, osati mkono wake. Pa paketi amalemba mainchesi kapena mamilimita, nthawi zina zonse ziwiri. Mainchesi 14 ndi 350mm, 16 ndi 400mm, 18 ndi 450mm, 20 ndi 500mm, 22 ndi 550mm, 24 ndi 600mm, ndipo 26 ndi 650mm. Lembani manambala awiriwo mufoni.

Chenjezo limodzi: waipa amene ali pagalimoto pano akhoza kukhala wolakwika kale, woikidwa ndi mwini wake wakale kapena ndi amene anaiyendetsa kuchokera ku Dar es Salaam. Choncho muyang'ane momwe akuyendera. Ngati awiriwo akugundana, kapena nsonga ikumenya labala wa m'mbali mwa galasi, ndiye kuti wina ndi wautali mopitirira. Ngati patsogolo penipeni pa maso anu pakutsala chigamba chachikulu chosapukutidwa, ndi wamfupi. Kusiyana kwa inchi imodzi nthawi zambiri sikuvuta, makamaka ngati mwachepetsa. Kuwonjezera ndiko kumabweretsa mavuto.

Chachitatu, onani pomwe waipa amalumikizana ndi mkono

Toyota, Nissan, Mazda, Honda ndi zina zambiri za ku Japan zili ndi mkono wopindika kunsonga ngati ngowe. Mawaipa ambiri ogulitsidwa m'masitolo a sipeya ku Malangalanga, ku Limbe kapena ku Mzuzu amakwana pa ngowe imeneyi popanda chovuta. Nkhani imasintha mukakhala ndi galimoto ya ku Ulaya, monga Volkswagen, BMW kapena Mercedes-Benz zatsopanoko. Zambiri mwa izi zili ndi kabatani kodina pamwamba pa mkono, kapena timapiko tiwiri tofinya m'mbali, kapenanso kachitsulo kolowa cham'mbali. Mapaketi ena amabwera ndi tizidutswa tapulasitiki tingapo tosinthira, koma si tonse timagwira molimba. Jambulani malo olumikizirawo ndi foni, kapena, chomwe chili chabwino koposa, chotsani waipa wakaleyo mupite naye. Wogulitsa sangatsutsane ndi chinthu chomwe chili m'manja mwanu.

Chachinayi, sankhani mtundu

Mitundu ilipo itatu. Wakale uja wa chitsulo chokhala ndi nthambi ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka paliponse. Amagwira ntchito bwino m'tauni, koma fumbi limalowa m'mfundo zake, ndipo mukathamanga mphepo imatha kumutukula pagalasi. Wachiwiri ndi wopanda nthambi, labala yekhayekha wokhala ndi chitsulo chopindika m'kati, monga Aerotwin wa Bosch. Ameneyu amakanikiza galasi mofanana kuyambira nsonga mpaka nsonga, n'chifukwa chake amayenera magalasi akuluakulu opindika kwambiri. Wachitatu amaphatikiza ziwirizi: nthambi zilipo koma zaphimbidwa ndi pulasitiki. Galimoto zambiri za ku Japan zimatuluka kufakitale ndi mtundu umenewu, ndipo Denso amapanga ambiri otere.

Maganizo anga ndi akuti waipa wa nthambi wa kampani yodziwika amaposa wopanda nthambi wotchipa wopanda dzina. Otchipawa amaoneka okongola mu paketi, koma chitsulo chake cham'kati chimakhala chosapindika molingana ndi galasi, ndiye nsonga zimayandama. Kwa amene amayenda maulendo ataliatali usiku, kapena amadutsa m'nkhungu ya ku Chikangawa kawirikawiri, ndalama yowonjezera ya waipa wabwino wopanda nthambi siipita pachabe.

Pali kanthu kena komwe ogulitsa ambiri sakatchula. Mawaipa ena opanda nthambi ali ndi kamsana kopendekeka kothandiza kuti mphepo iziwakanikiza pagalasi. Kamsanako kanapangidwira mbali imodzi. Ife chiwongolero chathu chili kumanja, pomwe katundu wina wobwera kuchokera ku Dubai kapena ku China anapangidwira galimoto za chiwongolero chakumanzere. Mukaika wotere, kamsana kamayang'ana kolakwika ndipo pa liwiro waipa amanyamuka m'malo mokanikiza. Yang'anani zilembo za RHD (kutanthauza chiwongolero chakumanja) pa paketi, kapena sankhani amene msana wake ndi wofanana mbali zonse.

Musanalipire, tsegulani paketi mugwire labala. Katundu amene wakhalitsa padzuwa pa benchi amakhala atauma kale asanagwire ntchito.

Nanga kusintha labala yekha?

N'zotheka, ndipo ngati galimoto yanu ikadali ndi mawaipa ake a kufakitale, ndi nzeru. Chimango chawo chimakhala cholimba kuposa ambiri a pamsika. Labala amasololoka kumbali imodzi pamodzi ndi tizitsulo tiwiri tating'ono tom'gwira. Tizitsuloto musataye, chifukwa labala watsopano nthawi zambiri amabwera wopanda. Vuto ndi kupeza wa m'lifupi woyenera, poti ena ndi 6mm, ena 8mm, ndipo wochepa amasololoka mvula ili m'kati. Apanso, pitani ndi wakale.

Chachisanu, kuika

Yalani thaulo kapena katoni pagalasi musanachotse chilichonse. Mkono wopanda waipa ukafwamphuka n'kumenya galasi, limatha kung'aluka pomwepo, ndipo mtengo wa galasi lakutsogolo mukuudziwa. Tukulani mkono, dinani kapulasitiki kali pansi pa ngowe, kokerani waipa cha kumunsi kwa mkono mpaka atuluke. Watsopano mulowetse momwemo mobwerera mpaka mumve kuti tswa, kenaka mumukoke pang'ono kuti muone ngati wagwira. Sinthani mmodzi mmodzi kuti musasokoneze wautali ndi wamfupi. Ena amabwera ndi kachivundikiro kapulasitiki, kachikasu kapena kobiriwira, kophimba labala. Kachotseni, poti alipo amene amayenda nako sabata yathunthu akudandaula kuti agula feki.

Thirani madzi pagalasi muyese. Musayese pouma, ndipo chizolowezi choyatsa waipa m'mawa kuti achotse fumbi chisiyeni, chifukwa mchenga umakanda galasi ndi kudya labala nthawi imodzi. M'thanki ya madzi a waipa musathiremo sopo waufa wochapira zovala. Amatseka timabowo topopera madzi ndipo amasiya zoyera pagalasi. Madzi oyera ndi mankhwala ake ogulitsidwa pa filing'i sitesheni akwanira.

Ngati galimoto yanu ndi Sienta, Passo kapena ina yokhala ndi waipa kumbuyo, nayenso muoneni. Ameneyu kawirikawiri amakhala ndi polumikizira pakepake, ndipo wakutsogolo sakwanapo ngakhale kutalika kutafanana, choncho mufunseni padera ndipo musadabwe wogulitsa akakuuzani kuti mubwerenso mawa.