Momwe mungayezere ndi kukulitsira mphamvu ya mtima wanu

Munthu akamathamanga minofu yake imafuna okosijeni wochuluka, koma pali malire a okosijeni amene thupi lingathe kukoka, kunyamula m'magazi ndi kugwiritsa ntchito pa mphindi imodzi. Akatswiri amatchula malire amenewa kuti VO2 max, ndipo amene anayamba kuwafotokoza ndi wasayansi wa ku Britain, A. V. Hill, m'zaka za m'ma 1920. Chimene chimakweza kwambiri malirewa si kukula kwa mapapo monga ambiri amaganizira, koma kuchuluka kwa magazi amene mtima umapopa ukagunda kamodzi. Nkhaniyi siikhudza othamanga a mpikisano okha, n'chifukwa chake mu 2016 bungwe la American Heart Association linalimbikitsa madokotala kuti aziyeza mphamvu imeneyi mwa odwala awo monga momwe amayezera kuthamanga kwa magazi.

Musanachite china chilichonse, kaonaneni ndi dokotala ngati muli ndi matenda a mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kapenanso ngati papita zaka zambiri musanachite masewera olimbitsa thupi.

Kenako dziwani pamene mukuyambira. M'mawa musanadzuke pabedi, ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi yathunthu ndipo mulembe. Mwa akuluakulu ambiri mtima umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo nambalayi imatsika mtima ukamalimba.

Kuyeza kwenikweni kwa VO2 max kumachitikira mu labotale, koma mu 1968 dokotala wa asilikali a ndege a ku America, Kenneth Cooper, anakonza njira yongofuna wotchi ndi bwalo lodziwika kutalika kwake. Yambani ndi kutenthetsa thupi kwa mphindi 10, kenako thamangani kwa mphindi 12 kuti mufike patali momwe mungathere. Pa mamita amene mwathamanga chotsanipo 504.9, ndipo zotsalazo muzigawe ndi 44.73. Amene wazungulira bwalo la mamita 400 kasanu ndi kamodzi wathamanga mamita 2,400, ndipo VO2 max yake ili pafupifupi 42, kutanthauza mamililita 42 a okosijeni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa mphindi. Cholakwa chofala ndicho kuyamba ndi liwiro lalikulu n'kuthedwa mphamvu pakatikati, choncho ndi bwino kusunga liwiro limodzi mpaka mphindi ziwiri zomaliza. Amene mukungoyamba kumene musafulumire kudziyeza motere. Yambani mwazoloweza thupi kwa milungu ingapo.

Gawo lalikulu la ntchito yokulitsa mphamvuyi ndi masewera ofatsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuti pa mlungu azichita masewera oterewa kwa mphindi 150 mpaka 300, monga kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kusambira. Liwiro loyenera ndi lakuti mutha kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, poganiza kuti tsiku limene sanachite befu sanapindule kanthu, chikhalirecho masewera ofatsawa ndiwo amachulukitsa timitsempha tating'ono ta magazi m'minofu komanso mamitokondiriya, tizigawo ta m'maselo timene timagwiritsa ntchito okosijeni popanga mphamvu.

Thupi likazolowera, onjezerani tsiku limodzi kapena awiri pa mlungu la masewera amphamvu. Njira yodziwika bwino ndi imene ofufuza a ku Trondheim m'dziko la Norway anaifalitsa mu 2007: kuthamanga mwamphamvu kwa mphindi 4, kuyenda kapena kuthamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 3, n'kubwereza mpaka kanayi. Pa mphindi 4 zija mtima uyenera kufika pa 90 mpaka 95 peresenti ya kugunda kwake komalizira, kutanthauza maulendo ochuluka kwambiri amene mtimawo ungathe kugunda pa mphindi. Kuti muyerekeze kugunda komalizirako, chulukitsani zaka zanu ndi 0.7 n'kuchotsa yankholo pa 208. Munthu wa zaka 40 apeza 180, choncho mtima wake uzigunda maulendo 162 mpaka 171. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala.

Pakatha milungu isanu ndi itatu dziyezeninso pa bwalo lomwelo komanso nthawi yofanana ya tsiku, kuti kutentha kapena kusiyana kwa malo kusakunamizeni. Zotsatira zanu muziyerekeze ndi zomwe munalemba poyamba osati ndi za mnzanu, chifukwa kafukufuku wa HERITAGE, amene anatsogoleredwa ndi wasayansi Claude Bouchard, anaonetsa kuti anthu ochita masewera ofanana kwa milungu 20 amapindula mosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako kumayendera mabanja.