Momwe mungakonzekerere kubwerera ku Britain ulendo wa pa motorhome ukamatha

Ngati ndinu mmodzi mwa anthu akwathu okhala ku Britain ndipo mwatha miyezi ingapo mukuyendayenda ku Ulaya pa motorhome, ija galimoto yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi momwemo, dziwani kuti masabata awiri omaliza ndi amene amafuna maso kwambiri. Ponyamuka munthu amakhala tcheru ndi pepala lililonse. Pobwerera thupi limakhala litatopa, m'thumba mwapepuka, mtima uli kale kunyumba, ndipo zindapusa zambiri zimabwera nthawi imeneyi. Langizo langa lalikulu ndi lakuti muyambe mwasankha tsiku lowoloka nyanja, kenako zina zonse muziyale chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsikulo.

1. Tsegulani kalendala musanatsegule mapu

France, Spain, Portugal, Italy, Germany ndi mayiko ena a m'dera la Schengen amawerengedwa ngati dziko limodzi pa nkhani ya masiku. Wa pasipoti ya Britain amaloledwa kukhalamo masiku 90 pa masiku 180 alionse, ndipo tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa. Kuchoka ku Spain n'kulowa mu France sikutuluka ayi, masiku akungowonjezekabe. Wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia amayendera viza, ndipo pa vizapo pamalembedwa zinthu ziwiri: tsiku imene ithere ndi kuchuluka kwa masiku amene mwaloledwa. Chimene chiyambe kutha pa ziwirizi ndicho chikulamulani. Kuyambira pa 12 October 2025 mayikowa anayamba kulemba olowa ndi otuluka pa kompyuta kudzera mu njira ya EES, yomwe imatenga zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope, choncho tsiku limodzi lopitirira limaonekera poyera.

Musaike tsiku lowoloka pa tsiku la 90 lenilenilo. Siyani mpata wa masiku anayi kapena asanu. Galimoto imawonongeka, nyanja imakalipa sitima n'kulephera kunyamuka, ndipo wapachipata sawerengera zimenezo.

Pali kuwerenga kwina kumene anzathu obadwira ku Britain sakuganizirako koma ife kumatikhudza. Ngati mukuyembekeza chilolezo chokhazikika cha ILR kudzera pa viza ya ntchito, simuyenera kukhala kunja kwa UK masiku opitirira 180 pa miyezi 12 iliyonse. Wofunsira unzika asapitirire masiku 450 pa zaka 5, komanso masiku 90 m'chaka chomaliza. Phatikizani masiku a ulendo uno ndi a maliro kapena ukwati umene munapitira kumudzi chaka chomwecho, muone pamene muli. Lowaninso mu akaunti yanu ya UKVI, nthambi ya boma la UK yoona za maviza, mutsimikize kuti eVisa yanu, chilolezo chanu chokhalira ku UK chosungidwa pa intaneti, ndi yolumikizidwa ndi pasipoti imene muli nayo m'manja, makamaka ngati munasintha pasipoti posachedwa. Chitani izi muli pa kampu pomwe intaneti ikugwira bwino, osati muli pa mzere ku doko.

2. Sankhani powolokera, mugule tikiti msanga

Kuchokera ku Calais ku France kufika ku Dover ku England sitima imatenga pafupifupi ola ndi theka. Kuchokera ku Dunkirk ndi maola awiri. LeShuttle, sitima ya pa njanji yodutsa pansi pa nyanja, imakufikitsani ku Folkestone pa mphindi 35 muli m'galimoto mwanu. Amene ali kumwera kwa Spain kapena Portugal aganizire sitima za Brittany Ferries zochokera ku Santander kapena Bilbao, kumpoto kwa Spain, kupita ku England. Tikiti yake ndi yodula ndipo mumagona panyanja, koma kuchokera ku Algarve, kumwera kwa Portugal, kufika ku Calais ndi makilomita opitirira 2,000, ndipo mukaphatikiza dizilo, ndalama za pa tolugeti ndi malo ogona, kusiyana kwake kumachepa. Ine kwa munthu wotopa kale ndingasankhe sitimayo.

Pogula tikiti lembani utali ndi msinkhu weniweni wa galimoto, kuphatikiza chonyamulira njinga kumbuyo ndi chilichonse chili padenga. Mukachepetsa, amakulipiritsani pa doko, mwinanso malo n'kusowa.

3. Mapepala a galimoto

MOT, ija yoyezetsa galimoto chaka ndi chaka ngati ili yoyenera pamsewu, sichitikira kunja kwa UK. Ngati yatha muli paulendo, lamulo limakulolani kuyendetsa galimotoyo polunjika kumalo oyezera kumene mwasungitsa kale nthawi, osati kuyamba mwadzera kwa achibale. Choncho sungitsani nthawiyo pa foni musanawoloke. Onaninso inshulansi, chifukwa makampani ambiri amaika malire a masiku amene amakutetezani mokwanira muli kunja.

Ku France misewu ina, monga A13 ya pakati pa Paris ndi Normandy, ilibenso zipata zolipirira. Makamera amangojambula nambala ya galimoto ndipo muyenera kulipira nokha pa intaneti pasanathe maola 72. Mukaiwala, kalata ya chindapusa imakupezani kunyumba.

4. Ngati muli ndi galu

Galu ayenera kupatsidwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi dokotala wa ziweto pakati pa maola 24 ndi 120 musanalowe mu Britain, ndipo dokotalayo alembe tsiku ndi nthawi pa chikalata cha galuyo. Kumwetsa nokha sikuwerengedwa. Samalani ndi Lamlungu ndi masiku atchuthi pamene zipatala za ziweto zimatseka.

5. Furiji ndi zogulagula

Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka. Kuyambira pa 12 April 2025 boma la Britain linaletsa apaulendo kulowa ndi nyama ya ng'ombe, nkhumba, nkhosa ndi mbuzi, komanso mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka, zochokera m'mayiko a EU, pofuna kupewa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto. Chiletsochi chikukhudza tchizi, soseji, batala, ngakhale sangweji ya nyama imene mwakonzera ana ya panjira. Chindapusa chake ku England chimatha kufika £5,000. Onani pa gov.uk sabata yomweyo kuti mudziwe mmene lamuloli lilili, koma nzeru ndi kusiya kugula zinthu zimenezi kutatsala masiku asanu, muzidya zimene zili m'furiji mpaka zithe. Zotsala gawirani oyandikana nawo pa kampu amene akupitiriza ulendo.

Za zakumwa, munthu mmodzi wamkulu amaloledwa malita 42 a mowa wa biya ndi malita 18 a vinyo osalipira msonkho, ndi katundu wina wosapitirira £390. Koma kumbukirani sikelo. Ambiri laisensi yawo imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo motorhome yambiri imakhala itafika kale m'mphepete mwa malirewo ikangonyamula anthu, njinga ndi madzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Ngati mwagula makatoni a vinyo, tayani madzi ena a m'thanki.

Botolo la gasi limene munagula ku France kapena ku Spain simungakalisinthitse ku Britain. Libwezeni musanachoke m'dzikolo, mutatenga pepala limene anakupatsani pogula.

6. Usiku womaliza

Musagone pafupi ndi Calais kapena Dunkirk, makamaka m'malo opumira a m'mbali mwa msewu waukulu. M'dera limeneli muli anthu ambiri othawa nkhondo ndi umphawi amene akufunafuna njira yowolokera, ndipo ena amabisala m'magalimoto. Ndi anthu ngati ife, ena ndi ana, ndipo kubisala koteroko kumaika moyo wawo pachiswe. Kwa inu, kuyambira mu February 2023 chindapusa chimafika £10,000 pa munthu aliyense wopezeka atabisala m'galimoto yanu, ndipo kunena kuti simumadziwa sikukwanira ngati simunayang'ane.

Gonani pa kampu ya mpanda, ola limodzi kapena awiri kutali ndi doko. Thirani dizilo madzulo ake kuti m'mawa musaime paliponse. Musananyamuke zungulirani galimoto yonse: tsegulani chipinda chosungiramo katundu kumbuyo, vundukulani chinsalu chophimba njinga n'kupisamo dzanja, gwadani muunike pansi ndi tochi, kwerani muone padenga, kenako khomani zitseko zonse. Jambulani kavidiyo pa foni mukuchita zimenezi. Mukaima panjira pa chifukwa chilichonse, bwerezaninso.

Madzulo omwewo khuthulani kaseti ya chimbudzi (kathanki kosungira zonyansa) ndi madzi otsukira pamalo ake otayira. Malo otere ku France alipo ambiri ndipo ndi otchipa; ku Britain mumavutika kuwapeza kunja kwa makampu.

7. Pa doko ndi kutsidya

Tsekani gasi pa botolo penipeni, chifukwa amayang'ana. LeShuttle imalola gasi wophikira wotsekedwa koma simanyamula galimoto imene injini yake imayendera gasi. Pa sitima yapamadzi simuloledwa kutsikira kumene kuli magalimoto ulendo ukayamba, choncho longedzani kachikwama ka mankhwala, mapasipoti, chaja ndi juzi. Pa ulendo wautali wochokera ku Spain furiji imakhala yozima. Mabotolo awiri a madzi oumitsa mukawaika mkati amasunga kuzizira.

Mukatsika ku Dover kapena Folkestone, yendetsani kumanzere kwa msewu! Miyezi itatu ya kumanja imalowa m'manja, ndipo kusokonezeka sikubwera kwenikweni pa msewu waukulu ayi, kumabwera mukamatuluka pa filing'i siteshoni kapena pa raundabauti yopanda magalimoto. Wokhala pambali panu azikukumbutsani mokweza. Matulani timapepala timene munamata pa nyali zakutsogolo kuti zisamathobwe anzanu m'maso poyenda kumanja. Ngati mudutsa pa Dartford Crossing, powolokera mtsinje wa Thames kum'mawa kwa London, lipirani ndalama yowolokera yotchedwa Dart Charge pa intaneti isanakwane 12 koloko usiku wa tsiku lotsatira.

8. Musanaitseke

Mukafika, chilakolako chimakhala chongotenga zikwama n'kukagona. Gonani, koma mawa lake bwererani ku galimoto. Tulutsani chakudya chonse, ngakhale mpunga ndi ufa, chifukwa mbewa zimanunkhiza. Pukutani furiji muisiye chotsegula pang'ono. Ngati kukubwera chisanu, khuthulani thanki ndi chotenthetsera madzi, musiye mipopi yotsegula kuti madzi otsalira asaundane n'kuphulitsa mapaipi. Imikani makhushoni kuti mphepo izidutsa, muzichaja batire la magetsi a m'kati mwa motorhome mwezi uliwonse, ndipo lembani lero lomwe zonse zimene zinkavuta panjira, monga chitseko cha kabati chosatsekeka kapena pamene pamadontha mvula, mukapereke kwa makaniko pamodzi ndi MOT.