Galimoto ikuzima mukaponda kalachi? Yambani mwafufuza izi musanagule yatsopano

Mwatsika zitunda kuchokera ku Blantyre, mwafika pa Thabwa, mukuti muchepetse liwiro. Mwaponda kalachi, injini zii, magetsi ofiira onse ayaka pa dashibodi. Chiwongolero chalimba, ndipo mukaponda mabuleki kawiri katatu nawo ayamba kuuma. Izi si zoseweretsa, makamaka ngati mwanyamula anthu kapena matumba a thonje. Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri amathamangira kutsitsa giyabokosi n'kugula kalachi yatsopano, ndalama n'kupita, vuto lili pomwepo. Nthawi zambiri kalachi siilakwa, imangoulula matenda omwe ali kwina.

Choyamba, dziwani nthawi yomwe imazima. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, ikani pa nyutulo, injini itenthe bwinobwino. Yang'anani muvi woonetsa kuzungulira kwa injini. Galimoto zambiri zikatentha zimakhazikika pozungulira maulendo apakati pa 700 ndi 900 pa mphindi. Tsopano pondani kalachi mpaka pansi, phazi lina lisakhudze chilichonse. Ngati muvi sukusuntha kwenikweni, koma galimoto imazima mukaponda kalachi poyenda, pofika pa hampu kapena pa rodibuloko, vuto lili pa mpweya kapena mafuta. Galimoto ikamayenda ili m'giya, matayala ndi amene amaikankha injini. Mukaponda kalachi mwaisiya yokha, ndiye ngati ilibe mphamvu yodziimira payokha, imagwa.

Pamenepa yambani ndi zotchipa. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Aliyense amene wayendapo msewu wa fumbi mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa akudziwa zomwe amapezamo. Fyuluta yotuwa ndi yothina isintheni, osati kungoimenyetsa pa tayala. Kenako masulani paipi yaikulu yochokera ku fyulutayo, mupeza chitseko chachitsulo chozungulira, chomwe amakaniko amati throttle. M'mphepete mwake mumamata litsiro lakuda ngati mwaye wa m'khitchini, ndipo ndi lomwe limatseka kampata kamene injini imapumira mukachotsa phazi pa akisileta. Gulani mankhwala opopera otsukira kabuleta, pukutani ndi kansalu koyera mpaka chitsulo chiwale. Pa galimoto zakale zomwe akisileta yake imakoka waya, pambali pake pamakhala kavalavu kowongolera mpweya galimoto ikaima, kamasuleni, katsukeninso. Ngati chitsekocho chimayendetsedwa ndi magetsi, musachikankhe mwamphamvu ndi chala. Mukabwezeretsa, injini ikhoza kulira mosakhazikika kwa kanthawi, ilekeni izolowere.

Mukatero tcherani khutu injini ikulira. Kutentha kwa kuno, ku Ngabu kapena ku Nsanje, kumaumitsa timapaipi ta labala mpaka timang'ambika. Mukamva kaphokoso ka "tsii", tsatirani kapaipi kalikonse ndi maso ndi zala, kutali ndi fani ndi malamba. Musaiwale paipi yopita ku chimphika chakuda chomwe chili kuseri kwa mabuleki. Poti poima timaponda buleki ndi kalachi pamodzi, ena amanamizira kalachi pomwe mpweya ukuthawira kumeneko. Yesani kuponda buleki yokha. Injini ikanjenjemera, mwamupeza wakuba.

Ya dizilo, monga Hiace kapena Hilux yakale, yang'anani fyuluta ya mafuta. Masulani kapulagi ka pansi pake muone ngati mukutuluka madzi, makamaka ngati munathirapo mafuta a m'zigubu nthawi yomwe anasowa. Mangitsaninso mitu ya batire, ndipo yesani ndi AC yozimitsa.

Tsopano mbali yomwe ndikufuna muimvetse bwino. Ngati galimoto itaima pa nyutulo muvi ukugwa kwambiri mukangoponda kalachi, n'kukweranso mukachotsa phazi, kapena injini ikuzimiratu, imani kaye. Mukaponda kalachi, mphamvu yake imakankhira kutsogolo crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulira cha pansi m'kati mwa injini. M'kati mwa injini muli timawashala tooneka ngati mwezi wodulidwa pakati, timene timagwira crankshaft kuti isasunthire kutsogolo kapena kumbuyo. Tikatha, chitsulo chimakhuzana ndi chitsulo chinzake, injini n'kulemedwa.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani injini, chotsani kiyi. Pezani pule yaikulu ya pansi kutsogolo kwa injini, yomwe imayendetsa malamba ndipo imamangidwa ku mapeto a crankshaft, muikankhire kumbuyo pang'onopang'ono ndi chitsulo chomasulira matayala. Mnzanu aponde kalachi inu mukuyang'anitsitsa. Pa injini yabwino kusuntha kwake n'kosafika ngakhale theka la milimita, maso sakuona bwino n'komwe. Mukaona pule ikudumphira kutsogolo, mwinanso n'kumveka "kho", matenda ndi amenewo. Sololani chitsulo choyezera oilo, muchiyang'ane padzuwa. Tinthu tonyezimira ngati mchenga wa mu Shire ndi zitsulo za injini yanu zomwe zikudyeka.

Ndinaziona ndi maso pa pikapu ya malume anga yomwe inkanyamula mbuzi kupita ku msika. Pa galaja ina anaisintha kalachi yonse, patapita masabata awiri inayambiranso. Pomwe anthu amadzatsegula sampu, chibeseni cha oilo cha pansi pa injini, washala imodzi inali itagwera m'menemo, buloko, lomwe ndi thunthu la injini, itadyeka kale. Akanadziwa msanga, akanangosintha timawashalato.

Galimoto yotere musapite nayo ulendo wautali, ndipo zitunda zokwera ku Blantyre ziiwaleni kaye. Pitani nayo kwa makaniko wapafupi, mumuuze kuti ayeze kusuntha kwa crankshaft asanamasule china chilichonse. Ikakonzedwa, siyani chizolowezi chotsamiritsa phazi pa kalachi poyenda, ndipo mukaima kudikira anthu akwere pa siteji ya Nchalo kapena Bangula, ikani pa nyutulo, phazi lipume pansi.